Njira ya Ng'ombe Imene Inasowa pa Nsalu

Ananu mumandifunsa chifukwa chake msana unandikana ndisanakalambe mpaka kupuma ntchito anzanga akadali m'maofesi, ndiponso chifukwa chake ndikatchula enjenyera Lusinda ndimatsitsa mawu, ine amene sinditsitsira munthu mawu. Za ubwana wanga munazimva kale kwa agogo anu, ndipo zambiri anawonjezera. Ndiyambira pamene ndinayamba kudya thukuta langa.

Chaka chimene ndinakwatira amayi anu, ku Tsangano

Nditamaliza desima klase, kalasi ya khumi, ndinakhala pakhomo kulima kachewere, mpaka ndinamva kuti pa Tsangano pabwera bungwe lina loyeza malo a midzi ndipo likufuna munthu wodziwa manambala komanso wosadandaula miyendo. Anandilemba. Ntchito yanga inali kunyamula ndodo yoyezera, kukoka tepi m'minga, ndi kufunsa akuluakulu kuti malire a mudzi wawo akudutsa pati. Shefe wanga woyamba anali senyoro Bonifasiyo, munthu wamkulu wojambula mapa ndi dzanja, amene pensulo ankaisunga ngati mwana wakhanda. Tinkasowa chilichonse. Gazolina wa galimoto akabwera, matayala atha. Matayala akabwera, motorisita woyendetsa galimotoyo wapita kumaliro. Mapepala aakulu akatha tinkajambula kuseri kwa makalendala. Senyoro Bonifasiyo ankangoti zidzabwera, ine ndinkatukwana mpaka agalu a pa posto, pa maofesi a boma, kubisala. Tsiku lina anandiuza kuti pakamwa panga padzandichotsetsa ntchito ndisanagule njinga. Ndinawayankha kuti njinga ndigula ndi manja, pakamwa ndi panga. Anaseka, ndipo tinagwira limodzi ntchito mpaka maso awo atafooka.

Chaka chimene Rozita anayamba eskola

M'malo mwa senyoro Bonifasiyo munabwera enjenyera Lusinda, mayi wamng'ono thupi, wa ku Angoniya, wolankhula Chichewa chathu chomwechi. Nditawaona ndinauza motorisita kuti ameneyu mvula ya ku Tsangano imubweza kwawo mwezi usanathe. Ndinalakwitsa, ndipo sikawirikawiri. Enjenyera Lusinda ankakwera phiri patsogolo pa tonsefe, nkukhala pamwala kutidikira akudya chimanga chokazinga.

Anabwera ndi komputadoro yonyamula, koma osati zopyapyala zimene mumaseweretsa inuzi. Inali yokhuthala, yolemera, yopangidwira kujambula mapa akuluakulu, ndipo karegadoro yake yoitchajira yokha inali ngati njerwa. Ikayamba ntchito inkapuma mpweya wotentha m'mbali, nkumalira ngati ikukwera chitunda. Tinaitcha Nkhunzi. Woibereka kumsana m'njira zimene galimoto siikanadutsa ndinali ine, ndiye za msana mwamva. Popeza ndinali woinyamula, a enjenyera anati ndikhalenso woisamala, ndipo anayamba kundiphunzitsa. Anandiuza kuti m'kati mwake muli maplaka awiri, tizipangizo tojambulira zimene timaona pa tela, galasi lake lija: yaing'ono yosadya moto wambiri, ndi yaikulu yonyamula mapa olemera. Plaka iliyonse ili ndi draiva wake, kapulogalamu kamene kamaimasulira zimene mapulogalamu ena akufuna, monga womasulira pa msonkhano. Womasulira akakhala wosokoneza, anthu amakangana popanda amene walakwa.

Nkhunzi inali ndi matenda ake. Nthawi zina tela inkaphethira, nthawi zina ukalumikiza projetoro yoonetsera zithunzi pakhoma inkada bii, nthawi zina mitsinje ya pa mapa inkatuluka ngati mano a sowo. Ine mankhwala anga anali amodzi, kuimenya khofi pambali. A enjenyera ankandigwira dzanja nkuti: "A Jeremiya, sinthani chinthu chimodzi chokha, muone. Mukasintha zitatu nkuchira, mudzadziwa bwanji chimene chinali kudwala?" Mawu amenewa ankandinyansa chifukwa anali oona. Ankayamba ndi chingwe, kenaka projetoro, kenaka pulogalamu, pang'onopang'ono ngati munthu wofufuza nkhuku imene ikumwa mazira.

Panali lamulo limodzi lolimba. Za m'kati mwa makina, monga kuika kapena kuchotsa draiva, zinali za tekiniko, wokonza makina wa bungwe, amene ankakhala ku Tete. Pankafunika senya, mawu achinsinsi otsegulira, ndipo senyayo anali nayo ndi iyeyo. Ulendo wina ndili ku Tete anandiuza senyayo chifukwa ankafuna ndimuthandize kanthu iye akuthamangira kwina, koma anandilumbiritsa kuti sindidzaigwiritsa ntchito popanda iye kudziwa, ngakhale a enjenyera asaimve. Ndinalonjeza. Mundidziwa, ndimakalipa koma mawu anga sindibweza.

Chaka chimene Tito anathyoka mkono, ku Ntengo-Wambalame

Chaka chimenecho tinagwira ntchito m'mudzi wina wa dera la Ntengo-Wambalame, umene dzina lake ndilisiya chifukwa eni ake akadalipo. Nkhani inali ya njira ya ng'ombe. Mabanja akale a m'mudzimo, amene makolo awo anafika ndi ziweto kalekale, ankatsitsira ng'ombe kudambo kudzera pa chitunda china. Mabanja amene anabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha anapeza chitundacho chili thengo, nkutsegulapo minda ya kachewere. Palibe anaba cha mnzake, koma ng'ombe sidziwa zimenezo. Chaka ndi chaka zinkaponda mizere, ndipo chaka chapitacho ng'ombe ina inabwerera kukhola itatemedwa chikwanje pamwendo. Wolankhulira a ziweto anali a Ngozo, bambo wamtali wosalankhula kawiri. Wolankhulira a minda anali anaBanda, mayi wamasiye amene pakamwa pake ndi panga tikadapikisana sindikudziwa akadapambana ndani.

A enjenyera anatha nyengo yonse yadzuwa akuyenda pakati pa anthu awiriwa, kukhala pamkeka, kumva nkhani imodzimodzi kubwerezabwereza osatopa. Pomaliza anagwirizana kuti pakhale mpata wa ng'ombe m'mbali mwa minda, aliyense wa minda ataye mizere ingapo. Tinauyeza, ndipo pa mapa anaujambula ngati lamba wachikasu woonekera mkati, kuti malire a minda pansi pake azionekabe. Chinatsala ndi msonkhano wa mudzi wonse, mvula isanagwe.

Msonkhano wotere unali ndi mwambo wake umene tinauyamba tokha. Tinkapachika nsalu yoyera pakhoma la tchalitchi, kutseka mazenera ndi masaka, nkuonetsa mapa ndi projetoro. Mkulu wa banja lililonse ankadzuka, kupita pansalu, kuika chala pa malo ake anthu onse akuona, nkunena kuti ndi pomwepa. Akatero nkhani yatha, sangadzanenenso kuti sanaone. Kusaina kunkabwera pambuyo, koma anthu ankalemekeza chala kuposa siginecha.

Sabata imeneyo Nkhunzi inali itangobwera kumene kuchokera ku Tete, kumene tekiniko anaiika draiva watsopano kuti isiye kuphethira. Inasiyadi. M'mawa wa msonkhano tinaiyesa pa posto, pamene pali magetsi, ndipo zonse zinaoneka bwino, lamba wachikasu ali mbee. Kumudzi tinali ndi jeradoro yaing'ono yopangira magetsi imene inkatha kunyamula projetoro yokha, ndiye Nkhunzi inayenera kudalira bateriya yake, monga tinkachitira nthawi zonse.

Tchalitchi chinadzaza, amayi mbali iyi, abambo mbali iyo, fungo la thukuta ndi masaka a fetereza. Titapemphera ndinayatsa. Mapa anatuluka pansalu, mtsinje, manda, minda, zonse. A Ngozo anadzuka oyamba monga mwa ulemu wawo, anafika pansalu atatukula chala, ndipo chalacho chinangoima m'malere. Lamba wachikasu panalibe. Minda ya kachewere inali itagundana kuyambira pachitunda mpaka kudambo, popanda podutsa ngakhale mbuzi. Anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anatembenukira a enjenyera.

"Mayi, mwatidyetsa mawu chilimwe chonse. Njira mwaigulitsa kwa yani?"

Sanakweze mawu. Anatola chipewa chawo pabenchi, ndipo abambo a ziweto anayamba kudzuka mmodzimmodzi. AnaBanda anati kumbali kwawoko asawayang'ane choncho, iwo sanapereke kanthu kwa munthu, koma ngati boma laona kuti njira siyofunika ndiye laona. Mawu amenewo anali ngati palafini pamoto. Ine magazi anali atakwera kale. Ndinaimirira kuti ndiwauze a Ngozo kuti munthu amene akumunena kuti wagulitsa njira wawononga nsapato zake m'minga yawo, koma a enjenyera anandikoka malaya kuti ndikhale pansi. Ndinkadziwa ngati mmene ankadziwira iwo kuti abambo amenewa akangodutsa pakhomo, sadzabweranso pa msonkhano wathu, ndipo mvula ikagwa zikwanje zidzatuluka.

Chimene a enjenyera anachita ndi chimene ndikufuna mukumbukire. Munthu wina akadati tipume pang'ono, nkutengera makina kuseri kukakonza. Iwo anaika manja kumbuyo, nkunena kuti sakudziwa chifukwa chake njira siikuoneka, koma saikhudza komputadoro ngakhale ndi chala, kuti pasapezeke wonena kuti aijambula pompano chifukwa cha manyazi. Anapempha a Ngozo kuti adzakhale pampando wawo, maso pa tela, ndipo anaBanda akhale mbali inayo. Wogwira makina ndikhale ine, ndipo chilichonse ndichite ndizinena mokweza m'Chichewa. A Ngozo anaima pakhomo kanthawi, kenaka anabwera nkukhala, chipewa chili pabondo.

Tinayamba monga mwa chizolowezi chawo. Ndinasintha chingwe cha projetoro, njira osabwera. Ndinachotsa projetoro kuti tione pa tela ya Nkhunzi yokha, namonso munalibe, ndiye projetoro tinaichotsa mlandu. Ndinatseka pulogalamu ya mapa nkuitsegulanso, chimodzimodzi. Pambali pa mapa pamakhala mayina a zinthu zimene zajambulidwa, ndipo dzina la njira ya ng'ombe linalipo; ndinawawerengera a Ngozo, koma anati dzina si njira, ng'ombe siziyenda pa dzina. Dzanja langa linkayabwa kufuna khofi uja. A enjenyera anandifunsa modekha, ngati tili awiri mu ofesi, kuti chasintha nchiyani pakati pa m'mawa ndi tsopano. Ndinati malo. Anati malo sasintha mapa, ndiganizenso. Ndinayang'ana pansi pa tebulo nkuona karegadoro ili m'chikwama, yosalumikiza. M'mawa Nkhunzi inali pa magetsi.

Tinazimitsa projetoro nkulumikiza karegadoro ku jeradoro. Jeradoro inabuula, Nkhunzi inayamba kupuma mwamphamvu, tela inaphethira kamodzi, ndipo lamba wachikasu anatulukira pamalo pake, kuyambira pachitunda mpaka kudambo. A enjenyera anauza a Ngozo kuti azule okha chingwecho. Anazula, njira inasowa. Anabwezera, inabwera. Anachita zimenezi kangapo, nkhope ili gwaa, mpaka anaBanda anawafunsa ngati akukama ng'ombe. Anthu a pafupi anaseka, ndipo kuseka kumeneko kunatithandiza kuposa mawu onse. A enjenyera anafotokozera anthu kuti makinawa akakhala pa bateriya, draiva watsopano uja akugoneka plaka yaikulu kuti asunge moto, ndipo yaing'onoyo ikulephera kujambula zinthu zoonekera mkati. Njira inalipo nthawi yonseyi, wojambula wake ndiye anagona.

Koma mlandu unali usanathe. Jeradoro siikanatha kunyamula karegadoro ndi projetoro pamodzi. Tinayesa, inatsokomola nkuzima. Mwamuna wina anati akuluakulu angoona pa tela yaing'onoyo nkuikapo chala. AnaBanda anakana. Anati zoonera pakona anthu atatu ndi zimene zimabala mabodza, mawa amayi a kumbuyoko adzati anaBanda anagulitsa mizere yathu ali pampando wa azungu. Chala chiikidwe pansalu, aliyense aone. A Ngozo kwa nthawi yoyamba anagwirizana nawo. Ndinayesa kuuza Nkhunzi, pa malo amene amasankhira, kuti izigwiritsa ntchito plaka yaikulu ngakhale pa bateriya, koma draiva watsopanoyo sanamve. Ndinafunsa a enjenyera ngati sitingangosintha lambayo kuti akhale wachikasu chokhathamira chimene plaka yaing'ono ingathe kujambula. Anapukusa mutu. Kutero kukanakhala kukhudza mapa, ndipo anali atalonjeza.

Panatsala njira imodzi, kubwezera draiva wakale, amene ankaphethiritsa tela koma sankagoneka plaka. Pamenepo pankafunika senya. Foni kumeneko siinkagwira pokhapokha utakwera phiri, ndipo anthu sakanadikira. A enjenyera anandiyang'ana, nkulankhula motsitsa m'Chipwitikizi kenaka kubwereza m'Chichewa kuti a Ngozo asaganize kuti tikupangana.

"Ndikudziwa kuti muli nayo, ndinaona kale. Sindikulamulani, chifukwa amene munamulonjeza si ine. Mukakana sindidzakusungirani kanthu. Mukachita, ku Tete ndikanena kuti ndinali pomwepo ndipo ndinavomera."

Ananu, ndakalipirapo mashefe, ndakanapo ntchito pamaso pa alendo, zonsezo sizinandilemere. Ichi chinandilemera, chifukwa tekiniko uja anali munthu wabwino amene anandikhulupirira. Komanso ndinkadziwa kuti kubwezera draiva nthawi zina kumasiya tela yakuda osadzukanso, ndipo zikanatero ndikanakhala nditaswa lonjezo nkuphanso msonkhano. Ndinayang'ana a Ngozo, ndinayang'ana amayi amene anasiya ntchito zawo kudzakhala mu mdima wa masaka. Ndinauza anthu mokweza kuti ndikuchita chinthu choletsedwa, ndipo chikalakwika atukwane ine, asatukwane mayiwa. Ndinalemba senya.

Tela inada. Mpweya wa m'mbali uja unaleka. Panja jeradoro inkangolira. A enjenyera manja anali akadali kumbuyo, koma ndinaona chala chawo chachikulu chikukanda chinzake mpaka kufiira. Kenaka tela inayaka ndi zilembo zikuluzikulu ngati za m'buku la primeira klase la ana oyamba kumene, inaphethira, inadanso, nkubwerera bwino. Ndinatsegula mapa karegadoro ili m'chikwama. Lamba analipo. Tinayatsa projetoro, ndipo anatuluka pansalu, wachikasu, akunjenjemera pang'ono chifukwa cha matenda akale aja. A enjenyera anachenjeza kuti plaka yaikulu imadya bateriya ngati dzombe, ndiye aliyense asachedwe ndi malonje. Sindinaonepo akuluakulu a kwathu akufulumira chotero. Ankapita pansalu motsatizana, chala, ndi pomwepa, wina, chala, ndi pomwepa, ndipo Nkhunzi inkatentha moti ndinaiika pa njerwa ziwiri kuti ipume.

Za chilango ndinene pano kuti zichoke. Nditakwera phiri madzulo ake ndinamuimbira tekiniko ndekha, asanamve kwa wina. Anakwiya, ndipo anali ndi chifukwa. Senya anaisintha, ndipo sanandiuzenso kanthu mpaka ndinapuma ntchito. Chaka chotsatira akuluakulu a bungwe ananditumiza ku Chidzolomondo, ku Makanga, kumene ndinayenda m'minda ya fodya mpaka msana unati basi. Ena amati kunali kundilanga, ena amati kunkafunikadi munthu. A enjenyera anapita okha ku Tete kukanena zimene analonjeza, ndipo ndinamva kuti anawauzanso akuluakulu kuti makina opita kumudzi aziyesedwa pa bateriya asanachoke mu ofesi. Sindinagwirenso ntchito ndi shefe wotero.

Koma tsiku lija a Ngozo anali asanamalize. Iwo anadikira kuti onse athe, nkupita pansalu omalizira, bateriya itayamba kale kulira. Anaika chala pa lamba, anati ndi pomwepa, koma chala sanachotse. Anati apepesa chifukwa cha mawu amene ananena kwa mayi, anali mawu oipa. Kenaka anati komabe iwo aona ndi maso awo kuti njira ya m'makina imabwera ndi chingwe nkupita ndi chingwe, ndipo adzukulu awo sadzakhala ndi chingwe. Akufuna khonje adzalidwe m'mbali zonse ziwiri za njirayo, lero lomwe, anthu asanabalalike.

Ine ndinaganiza kuti a enjenyera akhumudwa, popeza mapawo anawavutikira chilimwe chonse. Anangoti a Ngozo anena zoona, nkufunsa amene ali ndi khasu lapafupi. Nkhunzi inazima yokha tikutuluka. Tinakwera chitunda mudzi wonse, a enjenyera patsogolo ndi kachipangizo koyezera, ine pambuyo ndi tepi, anyamata a ziweto akuzula mphukira za khonje kumpanda wa manda akale. Titafika pa munda wa anaBanda, tepi inaonetsa kuti mpatawo ukudya mizere yawo iwiri ya m'mphepete, imene anali ataunga kale. Anthu anaima kudikira kuti pakamwa paja patseguke. AnaBanda analanda khasu m'manja mwa mwana wa a Ngozo, anamuuza kuti kugwira kotero ndi kwa abusa a ng'ombe, nkugumula okha mzere woyamba.